Leaderboard ya poker: dzina lanu lapita kuti Lolemba?

Mnyamata wina wa ku Chibavi wandilembera pa imelo: "Loweruka ndinali pa nambala 38 pa leaderboard ya poker. Ndadzuka Lolemba, dzina langa mulibe, ngakhale tambala sindinalandire. Kodi andibera? Sabata ino ndilimbikire?"

Achimwene, sanakubereni. Leaderboard ndi mndandanda wosanja osewera poker (masewera a makhadi) pa intaneti molingana ndi mapointi awo. Mpikisanowu kawirikawiri umakhala wa masiku 7, ukatha mapointi onse amafufutidwa, aliyense n'kuyambiranso. Ola lotsekera silitsata wotchi yathu. Akalemba 00:00 UTC (nthawi yoyendera dziko lonse lapansi), kuno ku Mzuzu imakhala 2 koloko usiku. Ikakhala nthawi ya New York, ndiye 6 kapena 7 koloko m'mawa. Inu muli mtulo anzanu amakhala akadali patebulo, akukukankhirani pansi. Komanso mphoto siifikira aliyense amene ali pamndandanda. Ngati inkathera pa nambala 20, ngakhale mukadakhalabe pa 38 simukadalandira kanthu.

Koma nkhani yagona pa mapointiwo. Pa matebulo a ndalama, kampani imadula kagawo pa ndalama zimene zaikidwa pakati pa dzanja lililonse, kutanthauza ulendo uliwonse wogawa makhadi. Kagawoka amati rake, ndipo kawirikawiri kamakhala cha m'ma 5 peresenti, kali ndi malire ake. Pakati pakakhala madola 2, kampani yatenga masenti 10. Ma leaderboard ambiri amapereka mapointi molingana ndi rake imene mwalipira kapena kuchuluka kwa manja amene mwasewera. Kupambana kapena kuluza sikuwerengedwa. Munthu akhoza kukhala pa nambala 1 sabata yomwe thumba lake laphwa.

Ma leaderboard a ma tournament, mipikisano imene mumalipira ndalama yolowera n'kusewera mpaka mutatuluka, amasiyanako. Kumeneko amayang'ana malo amene mwamalizira, kuchuluka kwa osewera ndi ndalama yolowera. Ukaona ndalama yolowera yalembedwa 10+1, madola 10 amapita ku mphoto, dola imodziyo ndi ya kampani. Ma leaderboard ena amawerengera zotsatira zanu zabwino zochepa chabe, zomwe zimapatsako mpata munthu wosewera mwa apo ndi apo.

Tsono ganizani amene mukulimbana nawo. Pamwamba pamakhala anthu amene poker ndiyo ntchito yawo, amatsegula matebulo angapo nthawi imodzi pa kompyuta, tsiku lonse. Inu muli pa foni, tebulo limodzi, bandulo ikutha. Ndinamuonapo mnzanga ku Luwinga usiku wina wa mu Julayi, atafunda bulangete mpaka kumutu, foni ili pa power bank magetsi atazima, maso ali psuu. Ankangoti "atsala mapointi ochepa." Makhadi amene masana akadawataya osaganizanso, usikuwo ankalowa nawo, kuti manja achuluke. Zinandiwawa kwambiri, chifukwa ndi munthu wodziwa kusewera, koma mndandandawo unamulanda mutu. Mphoto anaipezadi: tikiti yolowera tournament ina, yosatheka kuisandutsa ndalama ya pa Airtel Money kapena Mpamba.

Ndiye funso lanu lachiwiri, ine ndikuti ayi, musathamangitse. Mphoto zimenezi zimachokera mu rake ya osewera omwewo, ndipo gawo lalikulu limapita kwa anthu ochepa a pamwamba. Ngati mumasewera kale ndi ndalama imene mwaipatula, lembetsani pa mndandanda wa matebulo a ndalama zochepa, musewere monga mwa masiku onse. Chikabwera chabwera.

Musanaikenso ndalama, fufuzani ngati kampaniyo ili ndi chiphaso cha MAGLA, bungwe loyang'anira juga m'dziko muno. Ndipo mutenge kope, mulembe zonse zimene munaika sabata yathayi ndi zimene munatulutsa. Mukandilemberanso, munditumizire manambala awiriwo.