Imeneyo ndi nkhanga ndithu, koma ya m'nkhalango

Achimwene, mwafunsa za mbalame ya nthenga zakuda zopotana pamutu imene munaiona, ngati ili nkhanga kapena nkhwali. Mwaonayo ndi nkhanga, koma si ya kudambo imene tinaizolowera ija. Iyi ndi ya m'nkhalango zowirira, m'mabuku a mbalame amailemba kuti crested guineafowl. Chakusokonezani ndi nthenga zakuda zopotana pamutuzo, zokhala ngati tsitsi losapesa. Nkhanga wamba imakhala ndi kanyanga kouma pamutu, ndipo imakonda poyera, m'minda ndi m'madambo.

Ine ndinakumana nazo kumalo osungirako nyama zakutchire a Lengwe, ku Chikwawa, m'mamawa dzuwa lisanawawe. Zinali kagulu, zikupalasa masamba ouma pansi pa mtengo umene anyani ankadyamo, n'kumatola zipatso zogwa. Khalidwe limeneli n'lazo ndithu. Zitandiona sizinauluke, zinangolowa m'ziyangoyango phee. Mukaionanso muyang'ane bwino diso lofiira, khosi lakuda lopanda mawanga ngati yavala kolala, ndi timadontho ta m'thupi toyera mopita ku buluu. Ikatambasula mapiko mumaona mzere woyererapo. Zoti mwina ndi nkhwali iwalani, nkhwali njaing'ono, yofiirira, ndipo pamutu palibe chilichonse.

Popeza mwati munangoiona ikuthawa, jambulani chithunzi ulendo wina mukaonetse alonda a nyama a dipatimenti ya Parks and Wildlife kapena a bungwe loona za nyama zakutchire ndi chilengedwe la WESM, akutsimikizireni. Za misampha musayerekeze, kutchera m'malo otetezedwa n'kuphwanya lamulo. Mukaipeza yodwala kapena yofa osaigwira, itanani alangizi a ziweto, chifukwa chitopa ndi chimfine cha mbalame zikhoza kukupululirani nkhuku.