Handulo yapindika? Mukhoza kusintha nokha, koma yambani mwayeza

Imelo ya lero yachokera kwa mmodzi mwa awerengi athu amene ali ndi njinga yamoto ya 150cc. Akuti njingayo inagwa, handulo n'kupindika mbali yakumanja. Poti akusintha kale, akufuna kuikapo yokwera pang'ono chifukwa msana ndi mikono zimawawa akayenda ulendo wautali. Mafunso awo ndi atatu: angathe kusintha okha? N'zoona kuti handulo iliyonse imakwana, monga anawauzira wogulitsa? Nanga makebulo afunika kusinthanso?

Zikomo potilembera, akulu. Ntchitoyi mukhoza kuigwira nokha pa maola awiri kapena atatu ngati zida muli nazo. Handulo payokha sivuta, imangogwidwa ndi mabawuti anayi. Chovuta ndi zomwe zimakoloweka pa handulopo: kebulo ya moto (yomwe imawonjezera mphamvu ya injini mukapotokola chogwirira chakumanja), kebulo ya kilachi, paipi ya buleki ndi mawaya a maswichi. Zonsezi anaziyeza molingana ndi handulo yomwe njinga inabwera nayo, ndiye mukakweza handulo mwazikoka zonse pamodzi.

Musanagule kanthu, tsimikizani kaye kuti chopindika ndi handulo. Nthawi zambiri njinga ikagwa, mafoloko (mapaipi awiri ogwira tayala lakutsogolo) amapotoka m'malo momwe amangidwa, kotero tayala limaloza kwina, handulo kwina, chitsulo chili bwinobwino. Imani kutsogolo kwa njinga, panani tayala ndi miyendo, muyang'ane. Ngati mbali imodzi yokha yagwa kapena yabwerera m'mbuyo, handulo ndiyo yapindika. Ngati mbali zonse zikufanana koma handulo yonse yapenyera kumbali, masulani pang'ono mabawuti a m'munsi ogwira mafoloko ndi nati ya tayala, gwirani buleki yakutsogolo, kankhirani njinga pansi kangapo kuti mafoloko abwerere m'malo, kenako mangani. Mabawuti a pamwamba asiyeni omanga, apo ayi njinga itsetsereka pa mafoloko. Ngati yapindikadi, musaiwongole ndi paipi kapena kuiwotcha. Chitsulo chopindidwa kawiri chimafooka pomwepo, makamaka aluminiyamu, amene amachita mng'alu wosaoneka n'kudzathyoka tsiku lomwe mwagwira buleki mwamphamvu.

Za wogulitsa uja, sananene zoona. Mahandulo amasiyana kunenepa. Njinga zing'onozing'ono zambiri, ngati yanuyi, zimakhala ndi ya mamilimita 22. Pali ya mamilimita 25.4, yopezeka pa njinga zikuluzikulu monga Harley-Davidson, ndipo pa imeneyo maswichi anu, chogwirira cha moto ndi malivala (timikono tofinya ta buleki ndi kilachi) sizilowa. Palinso ya mamilimita 28.6 pakati, yomwe imaonda n'kufika pa 22 kunsonga. Pa iyi maswichi amakwana, koma pakati pake sipalowa m'zomangira zanu pokhapokha mugulenso zomangira zina. Yezani yakaleyo malo awiri, pakati ndi kunsonga. Kuika tizidutswa ta chitini kapena ta chubu kuti handulo yoonda igwire musayerekeze n'komwe, imadzatembenuka pa bampu.

Kupatula kunenepa, pali miyeso itatu: kutalika kuchokera nsonga kufika nsonga, kukwera kwake kuchokera pomangira, ndi kubwerera kwake kwa wokwera. Pa vuto lanu la msana ndi mikono, muyeso wachitatuwu anthu amaunyalanyaza, chonsecho ndi umene umapinda dzanja. Khalani pa njinga, tsinzinani, tambasulani manja pomwe mukumva bwino, zigongono zitapindika pang'ono. Mnzanu ayeze kusiyana kwa pomwe pali manja anu ndi pomwe pali handulo yakale. Mudzadabwa kuti kawirikawiri ndi masentimita awiri kapena atatu okha. Handulo yokwera kwambiri imachotsa kulemera kutsogolo, tayala limapepuka, ndipo mphepo imakumenyani pachifuwa.

Tsopano makebulo. Mukakweza ndi mamilimita 20 kapena 25, pa njinga zambiri akale omwewo amakwana. Kupitirira apo musaganizire, yesani. Yalani bulangete pa thanki, masulani mabawuti anayi aja, nyamulani handulo yakale zonse zili pomwepo mpaka pamene yatsopano idzafike, mnzanu akhotetse tayala kumanja mpaka kumapeto, kenako kumanzere. Chilichonse chomwe chakungika ngati chingwe cha uta n'chachifupi. Nthawi zina kungodutsitsa kebulo njira ina, kumbuyo kwa foloko m'malo mwa kutsogolo, kumapereka mpata wokwanira. Zikakanika, gulani zazitali. Onjezerani muyeso wa kukwera ndi wa kufutukuka kwa mbali imodzi, ndipo poyeza kebulo yezani chikopa chake chakunja padera ndi waya wotuluka kunsonga padera, chifukwa kebulo yotalika bwino koma waya wake wotuluka pang'ono siilola kutchuna.

Paipi ya buleki ndiye yosachita nayo masewera. Iyezeni tayala lakutsogolo lili m'mwamba, mafoloko atatambasuka mpaka kumapeto, poti ndi pamene imakokeka kwambiri. Paipi yomwe ikuoneka yokwana njinga itaima ikhoza kukokeka pomwe tayala lagwera m'dzenje. Mukaisintha, ikani mawasha atsopano a kopa, awiri kunsonga iliyonse, thirani mafuta omwe alembedwa pa chivindikiro, kaya DOT 3 kaya DOT 4, ndipo chotsani mpweya wonse mpaka livala ilimbe. Ngati simunachitepo zimenezi, gawo ili lokha lipatseni makaniko.

Zida zofunika ndi masipanala a 8, 10, 12 ndi 14, ma Allen key, sikuludalaivala ya nyenyezi yokwana bwino, tepi yoyezera, tepi yomata, chobowolera, guluu wa magiripi (mphira zogwirapo manja kunsonga za handulo) ndi torque wrench (sipanala yoyeza mphamvu yomangira bawuti). Musanagwire bawuti iliyonse jambulani ndi foni mmene makebulo adutsira, kutsogolo ndi mbali zonse. Pobwezeretsa, chithunzicho chidzakuthandizani kuposa kukumbukira. Chotsani waya wa negetivi ku batire, phimbani thanki.

Yambani ndi magalasi. Pa njinga zambiri za Yamaha galasi lakumanja mazinga ake ndi otembenuza, limamasuka mukapotokolera komwe ena amamangira, ndiye likakana musalimbane nalo. Chotsani zitsulo zolemera za kunsonga ngati zilipo. Giripi yakumanzere ilowetseni sikuludalaivala yopyapyala pansi pake, dontheziranimo sipiriti kapena madzi a sopo, ipotokoleni ituluke. Ngati mwagula zatsopano, ingoidulani ndi mpeni. Solani timawaya tiwiri ta nyale ya buleki pansi pa livala, ndi ta swichi ya kilachi ngati tilipo. Tsekulani zigoba za maswichi, ndipo muonetsetse kuti masikuluu ake ena ndi aatali, ena aafupi, aliyense ali ndi bowo lake.

Kathanki ka mafuta a buleki kamachoka ndi mabawuti awiri, osamasula paipi. Kamangirireni ndi chingwe kali chilili. Kakapendekeka kapena kulendewera chadodolido, mpweya umalowa mu paipi ndipo buleki imakhala ya fwafwa; mafuta akenso akadonthera pa thanki amadya penti. Livala ya kilachi pa njinga zina ili ndi chomangira chotsekuka pawiri, pa zina imachita kusololedwa kunsonga, choncho giripi iyenera kuyamba yachoka.

Chogwirira cha moto chimakaniza anthu ambiri. Kebulo yake ndi yaifupi, simungachisolole handulo ili yomanga. Masulani masikuluu ake okha, kenako masulani mabawuti anayi a pakati, sunthirani handulo yonse kumanzere, chogwiriracho chituluka chokha. Poika yatsopano chitani chimodzimodzi mobwerera: lowetsani chogwirira cha moto, ndi livala ya kilachi ngati ndi yosolola, handulo isanakhale m'zomangira. Pukutani nsonga yakumanja iyere, pasakhale dzimbiri kapena guluu.

Handulo yatsopano ikhale pakatikati. Zambiri zili ndi timizere tokhakhala pomwe zomangira zimaluma. Timizereto tioneke mofanana uku ndi uku, ndipo mutsimikize ndi tepi kuchokera pa chomangira kufika kunsonga. Mangani pang'ono chabe, khalani pa njinga, itembenuzireni kutsogolo kapena kumbuyo mpaka manja akhale bwino. Khotetsani mbali zonse muone ngati chala chachikulu kapena swichi sizikugunda thanki.

Apa ndi pomwe pafunika kudekha. Mukayang'ana mkati mwa swichi mupeza kamsomali kakang'ono kapulasitiki kapena kachitsulo, komwe kamalowa m'kabowo ka pa handulo kuti swichi isazungulire. Mahandulo ambiri ogula padera amabwera opanda mabowo amenewa. Ena amangokadula kamsomaliko kuti ntchito ithe msanga. Ife sitivomereza, makamaka kumanja: popanda iko, tsiku lina mukupotokola moto, chigoba chonse chimazungulira limodzi ndi dzanja, kebulo n'kukokeka, batani lozimitsira injini n'kuthawira pomwe chala sichifika. Bowolani basi. Matani tepi pa handulo, pakani inki kunsonga ya kamsomali, ikani swichi pomwe mukuifuna, finyani pang'ono kuti kasiye chizindikiro. Yerekezani ndi handulo yakale mtunda wochokera kunsonga kufika pa bowo. Khomani kadontho ndi panchi (kachitsulo kosongoka) kuti chobowolera chisaterereke pa chitsulo chobulungira, yambani ndi kobowolera ka mamilimita 2 kapena 3, kenako kofanana ndi kamsomaliko, kawirikawiri 4 kapena 5. Bowolani khoma limodzi lokha, osatulukira kuseri, ndipo palani m'mphepete mwa bowo. Chitani izi mutamaliza kusankha kapendekedwe ka handulo, chifukwa mukadzaitembenuza pambuyo pake mabatani aloza kumwamba kapena pansi.

Pomanga zomangira za pakati, yang'anani ngati zili ndi kadontho kapena muvi. Pa njinga zambiri za Honda kadonthoko kamaloza kutsogolo, ndipo mumayamba kumanga mabawuti akutsogolo mpaka atseke, kenako akumbuyo. Kampata kotsala kumbuyo n'kadala, musalimbane nako. Zomangira zopanda chizindikiro zimangidwe mosinthanasinthana kuti mpata ufanane. Mabawuti a M8 amenewa (onenepa mamilimita 8) nthawi zambiri amafuna pakati pa 20 ndi 26 Nm (muyeso wa pa torque wrench), koma nambala yeniyeni itengeni m'buku la njinga yanu. Kumangitsa kumadya mazinga a aluminiyamu, kumanga mosakwanira handulo imagwera kutsogolo mukagwira buleki. Chomangira kathanki ka buleki chili ndi mawu oti UP, aloze kumwamba, yambani bawuti yapamwamba, ndipo izi zimafuna pafupifupi 10 mpaka 12 Nm basi. Malivala apendekeke motsata mkono wanu mutakhala pa njinga, kuti zala zizigwera pa livala dzanja osapindika.

Magiripi awiriwo si ofanana. Ya bowo lalikulu ndi yakumanja chifukwa imavala pa chubu cha chogwirira cha moto. Pakani guluu pang'ono, lowetsani msanga, musiye usiku wonse. Mafuta kapena girisi ayi, giripi idzakuvukani m'manja mvula ikagwa. Kumanja siyani kampata ka milimita imodzi kapena awiri pakati pa giripi ndi chigoba cha swichi, komanso pakati pa giripi ndi chitsulo cha kunsonga, kuti moto uzibwerera wokha. Zitsulo za kunsongazo zimachepetsa kunjenjemera komwe kumachititsa dzanzi m'manja, choncho musazitaye. Dziwani kuti handulo ya aluminiyamu khoma lake ndi lochindikala, bowo la mkati n'laling'ono, ndiye zakale zija mwina sizilowa. Zilipo zogulitsa zomwe zimafufuma mkati mukamanga.

Mukamaliza, tchunani. Chogwirira cha moto chizisewera mamilimita 2 mpaka 6 kebulo isanayambe kukoka, livala ya kilachi mamilimita 10 mpaka 20 kunsonga kwake. Injini ili yozima, potokolani moto n'kuusiya: uzibwerera wokha kuti thapu, handulo ili pakati, ili kumanja, ili kumanzere. Bwezerani batire, lizani injini giya ili pa nyutulo, khotetsani pang'onopang'ono mpaka kumapeto mbali zonse mukumvetsera. Injini ikakweza mawu ngakhale pang'ono, kebulo ya moto ikukokeka, ndipo njinga yotere imadzathamanga yokha pa kona. Musakwere mpaka mutakonza. Gwiraninso livala ya kilachi mukukhotetsa. Kusewera kwake kukatha mbali imodzi, kilachi izidzaterereka n'kupsa msanga. Yesani hutala, ma indiketa, nyale ya buleki ndi batani lozimitsira, finyani buleki muone ngati yalimba, ndipo mawaya muwamange ndi timalamba mosafinya kuti azitha kusuntha.

Ulendo woyamba ukhale wapafupi, pamalo opanda magalimoto, chifukwa njinga imakhota mosiyana handulo ikasintha. Mukayenda makilomita 50 kapena 100, bwererani pa mabawuti anayi aja ndi torque wrench. Penti ya handulo yatsopano imaphwanyika pansi pa zomangira ndipo mabawuti amakhwefuka pang'ono. Kokani kamzere ndi cholembera kuchokera pa handulo kufika pa chomangira, kuti ikadzayamba kutembenuka mudzaone msanga.