Za tawa ya antena ku Chalala: welda adikire kaye

Achimwene, funso lanu ndaliona. Mwati mwagula wailesi ya HF (yolankhulirana ndi anthu akutali pa shortwave) ya 100 watts, muli pa plot yanu ku Chalala, sitandi ya thanki ya mamita 6 ilipo kale, ndiye welda wakuuzani kuti atha kukuwotchererani tawa ya mamita 18 muikepo Yagi, antena ija ya timapaipi tondondozana yoloza mbali imodzi. Ine ndikuti welda uja adikire kaye, ndalamayo ikhale mthumba.

Za laisensi sindichedwapo, pitani ku ZICTA, bungwe la boma loyang'anira za mawailesi ndi mafoni. Kumvetsera mvetserani mmene mungafunire koma kuyankhula opanda call sign yanu (dzina lanu la pa wailesi) yoyamba ndi 9J ndi mlandu. A Radio Society of Zambia athanso kukulozerani njira.

Manje antena. Yambani ndi dipole ya waya chabe, ija timaimanga ngati V yozondoka. Masamu ake ndi ophweka, tengani 143 mugawe ndi frequency yanu mu MHz, yankholo ndi kutalika kwa waya yense mu mamita. Pa 7.1 MHz mupeza mamita 20 ndi kakang'ono, ndiye kuti mamita 10 mbali iyi 10 mbali inayo. Pa 14.2 MHz ndi theka lake, mamita 5 mbali iliyonse. Waya wa 2.5 womwe timawayalira nyumba uja amagwira bwinobwino, ku Kamwala ali mbwee, kungoti chifukwa cha pulasitiki wake amafuna kufupikirako pang'ono kuposa masamuwo. Dulani wautali dala, muziupinda kumapeto pang'onopang'ono uku mukuyang'ana SWR (nambala yosonyeza ngati antena ikugwirizana ndi wailesi) mpaka itsike pansi pa 2, musathamangire pulayazi chifukwa mukadula mopyola muyamba kulumikiza tizidutswa ndipo mudzatukwana.

Pa sitandi ya thankiyo mangiriranipo paipi ndi ma U-bolt kuti nsonga ifike mamita 10 kapena 11, pamwamba penipeni pakhale chinthu chosakhala chitsulo, kaya PVC yolimba kaya nsungwi youma, kuti pakati pa antena pasagundane ndi zitsulo. Ikani kapule ndi chingwe kuti muzikweza ndi kutsitsa muli pansi ngati mbendera ya kusukulu, mudzandithokoza tsiku lina. Balun ya 1:1 (kachipangizo kolumikizira mbali ziwiri za waya ku chingwe) pakati, kenako coax (chingwe chopita ku wailesi) ya 50 ohms. Apa ndiye musaumire, ngati mtunda ndi wautali gulani RG-213, RG-58 ija yoonda imadya mphamvu panjira makamaka mukadzakwera ku ma frequency apamwamba a 2 metres. Ya dish ya TV ija ndi 75 ohms, isiyeni. Polumikizira kulungani tepi ya rabala ija yodzimata yokha, madzi akalowa mu coax basi yatha, mkuwa wamkati umada bii.

Ngati plot ikulola, waya ayende kum'mawa ndi kumadzulo, chifukwa dipole imaponya cham'mbali osati kunsonga, ndiye mudzaloza kumpoto ku Europe ndi kumwera kwa anzathu a ku Johannesburg. Pa 40 metres (7.1 MHz ija) antena yotsika choncho imaponya mmwamba nkubwerera pafupi, masana mumva Kitwe, Chipata, Lilongwe, Harare osavutika.

Koma nkhani yomwe ndalembera zonsezi ndi mphezi. Mvula yathu kuyambira Novembala mpaka cha mu Malichi mukuidziwa. Ine chaka china mu Disembala ndinapita kuukwati ndasiya coax ili mu wailesi, mphezi sinamenye nkomwe paipi yanga, inamenya mtengo wa aneba kuseri kwa wall fence, koma pobwera ndinapeza mchipinda mukununkha pulasitiki wopsa, wailesi zii, rauta nayo zii. Amayi akunyumba anangoti "si munkati ndinu akatswiri" ndipo ndinalibe choyankha. Kuchokera pamenepo ndikangoona mitambo yada coax ndimazula nkuiika patali ndi wailesi, pulagi ya magetsi nayonso kunja.

Earth yake ikhale yeniyeni. Ndodo za mkuwa pansi pa sitandi, waya wonenepa wamfupi wosakhotakhota, surge arrestor (kachipangizo kotayira mphamvu ya mphezi pansi) pomwe coax ikulowera mnyumba, ndipo zonsezo muzilumikize ndi earth ya nyumba, zisakhale paderapadera. Vuto la kumwera kwa Lusaka ndi thanthwe lija, mumakhoma ndodo theka la mita yakana, hamala ikungodumpha. Musaidule nkunamizira kuti yalowa, kumbani ngalande mugoneke mkuwawo chopingasa mamita angapo mbali ziwiri kapena zitatu nkukwirira. Mbali yoonekera ibiseni mu paipi ndi simenti, anyamata a scrap samagona.

Yang'ananinso mawaya a Zesco. Paipi kapena tawa itagwa mbali iliyonse isafike pa laini, ine ndimasiya mtunda wowirikiza kawiri kutalika kwake, ndipo waya wa antena asadutse pamwamba kapena pansi pa laini ngakhale pakhale pokongola bwanji.

China chomwe tawa singakuthandizeni ndi phokoso. Masiku ano nyumba iliyonse inveta, sola, mababu a LED otchipa, electric fence ikungoti the the the sekondi iliyonse. Lumikizani wailesi ku batire, zimitsani main switch ndi inveta yanu, phokoso likatsika ndiye kuti wolakwa ali mnyumba mwanu momwemo, muyatse chimodzichimodzi mpaka mumugwire. Ma ferrite (timphete tochepetsa phokoso) pa zingwe amathandiza ndithu.

Mukatha chaka ndi waya ndipo mtima ukufunabe Yagi, pamenepo tikambe za tawa. Mufunse ku Lusaka City Council za chilolezo, ndiponso a Civil Aviation poti City Airport sili kutali. Plan ijambulidwe ndi injiniya, welda wa mageti ngakhale akhale waluso sawerengera mphepo ya mu Ogasiti ikakankha Yagi pa mamita 18. Faundeshoni ya konkire, ma guy wire mbali zitatu motalikirana madigiri 120, ndipo ngati nkotheka ikhale yogoneka pa hinji kuti musamakwere. Mukakwera, harness ndi munthu pansi, osati mwana woti akugwirireni makwerero.

Tumizani chithunzi cha sitandiyo ndi komwe kuli mapolo a magetsi tione. Analyser yoyezera antena ndili nayo, Loweruka likubwerali nditha kudutsa nayo, inu mungogula waya mamita 25 ndi chingwe cha nayiloni.