Za mavairasi opopera pa nyama ya nkhuku, yankho kwa mayi wa mabroila ku Ntcheu

Mayi wina woweta mabroila cha ku Ntcheu boma wandilembera pa imelo. Akuti mankhwala a ufa wachikasu aja omwe amasungunula m'madzi a nkhuku sakugwiranso ngati kale, ndiye mwana wawo wawerenga kuti kunjaku akumapopera mavairasi pa nyama ya nkhuku kuti aphe mabakiteriya osamva mankhwala. Akufunsa kuti nzoona kodi, nanga munthu sangadwale nazo?

Mayi, mwana wanuyo sananame. Mavairasiwo dzina lake ndi bacteriophage, ambiri amangoti ma phage, ndipo sadwalitsa munthu kapena nkhuku, iwo chakudya chawo ndi bakiteriya basi. Kavairasiko kamakakamira pa bakiteriya, kulowetsa ma gene ake (malangizo a chibadwa chake) mkati, kuswana mommo mpaka bakiteriya uja kuphulika, ana aja nkumwazika kukasaka ena. Ali ponseponse, m'dothi, m'madzi, ngakhale m'matumbo mwathumu.

Komanso sizachilendo ayi. Félix d'Hérelle anawalongosola mu 1917 ku Paris, ndipo mu 1919 anawayesa pa nkhuku za ku France zomwe zimafa ndi matenda obwera ndi bakiteriya wotchedwa Salmonella. Ma antibayotiki, mankhwala opha mabakiteriya aja, atabwera mayiko ambiri anawataya, koma ku Tbilisi ku Georgia, Eliava Institute, malo ofufuzira za ma phage, yomwe inayamba mu 1923 sinasiye mpaka lero. Mu 2006 bungwe la FDA loyang'anira zakudya ndi mankhwala ku America linaloleza ListShield, ma phage opopera pa nyama yophikaphika pofuna kupha bakiteriya wotchedwa Listeria, kenako kunabweranso ena a Salmonella.

Chomwe chimandisangalatsa ine nchakuti bakiteriya olo akhale wosamva mankhwala atatu anayi, phage amamuphabe, chifukwa kaphedwe kake nkosiyana. Koma musatengeke. Phage ali ngati galu wongodziwa fungo la kalulu yekha, wa Salmonella sangagwire bakiteriya wina wotchedwa Campylobacter, nthawi zina ngakhale Salmonella wamtundu wina amamudutsa, komanso mabakiteriya amatha kuzolowera phage naye, nchifukwa chake amaphatikiza mitundu ingapo m'botolo limodzi. Amachepetsa tizilombo, samalizitsa. Ndipo pa shelefu ya agro-dealer wa pa Lizulu kapena ku Dedza simukawapeza.

Ine nkhawa yanga ili pa ufa wachikasuwo. Ngati ndi oxytetracycline ndiye ndi antibayotiki, ndipo ambiri tikumangothira tsiku ndi tsiku kuyambira anapiye atangofika, nkhuku zisakudwala nkomwe, mwina zikagwidwa ndi chitopa nkuwonjezeranso mulingo pomwe chitopa ndi vairasi, chimafuna katemera osati ufawo, ndiye apa tikungowaphunzitsa mabakiteriya kupirira, mawa mwana atsegule m'mimba ndi Salmonella wochokera ku nkhuku yomweyo mankhwala akuchipatala nkumakanika. Chonde itanani alangizi a ziweto aone kaye nkhukuzo musanagule paketi ina, ndipo masiku aja olembedwa pa paketi oti mudikire musanaphe nkhuku, muziwasunga ndithu.

Pokupha napo mpomwe zambiri zimalakwika. Campylobacter amakhala m'matumbo a nkhuku yooneka yathanzi bwinobwino, mpeni ukangoboola thumbo ndiye kuti wafika pa nyama, kenako nkhuku zonse kutsukira m'beseni limodzi madzi ake mpaka kuda bii. Madzi muzisintha, matumbo azikhala paokha, mpeni wa nyama yaiwisi usakhudze tomato wa saladi. Ndipo makasitomala anu a pa chiwaya muwauze kuti nyama izipsa mpaka pafupa, mkati ifike madigiri 74 Celsius, pasamatsale pofiira.