Za kufesa clover mu msipu wa ng'ombe

Achimwene, mwafunsa ngati n'kwanzeru kufesa clover mu msipu wa ng'ombe zanu, komanso ngati nyama zakutchire zingapindulepo. Ine ndikuti fesani ndithu, bola mukonzekere bwino.

Clover ndi wa m'gulu la nyemba. Mukazula tsinde limodzi n'kutsuka mizu, muona timatuza ting'onoting'ono, ndipo mukaphwanya kamodzi ndi chikhadabo, mkati mwake mumakhala mofiirira. Mmenemo ndi mmene mumakhala tizilombo totchedwa Rhizobium, tomwe timatenga nayitirojeni mu mpweya n'kumusandutsa chakudya cha mbewu. Masamba ndi mizu zikamawola, udzu woyandikana nawo umadyera momwemo, ndiye feteleza wa yureya mumagula wochepa. Masamba akenso ali ndi mapuloteni ambiri kuposa udzu, moti ng'ombe zimanenepa msanga ndipo mkaka umachuluka.

Pomwe ambiri amalakwitsa ndi pofesa. Njere zake n'zazing'ono ngati mchenga, zikakwiririka kupitirira sentimita imodzi zambiri sizimera. Yambani mwalowetsa ng'ombe zidye udzu mpaka ufupike kwambiri, dzuwa lizifika pansi, kenako mwazani nthaka ikadali yonyowa. Clover woyera, yemwe amayanga pansi n'kupirira kudyedwa ndi kupondedwa, makilogalamu 2 mpaka 4 pa hekitala akwana. Wofiira amatalika, ndi wabwino kumweta n'kuumitsa, koma amatha pakapita zaka 2 kapena 3. Gulani mbewu yopakidwa kale Rhizobium. Yezetsaninso nthaka: clover amafuna pH (muyeso wa asidi mu nthaka) ya 6 mpaka 7, ndiye ngati ili ndi asidi wambiri thirani laimu, ndipo fosiforasi ndi potaziyamu zisasowe. Yureya musiye kaye, chifukwa amakulitsa udzu n'kuphimba timbande. Mankhwala opha zomera za masamba otambalala, monga 2,4-D, amathanso kupha clover.

Chomwe chimandidetsa nkhawa ndi kutupa mimba. Ng'ombe yanjala ikalowa m'mawa pa clover wonyowa ndi mame n'kudya mosusuka, thovu limadzaza m'chifu, mbali ya kumanzere imafufuma ngati ng'oma, ndipo ikhoza kufa tsiku lomwelo. Zipatseni kaye udzu wouma, muzilowetse mame atauma, ndipo clover asapitirire theka la msipu. Gawo limodzi mwa magawo atatu ndiye pabwino.

Za nyama zakutchire musakayike. Maluwa ake amakoka njuchi, akalulu ndi agwape amadya masamba, ndipo mbalame zoswera pansi zimapezamo tizilombo todyetsa anapiye. Siyani kachigawo m'mphepete kachite maluwa, ng'ombe zisamafikeko nthawi zonse.

Koma clover amakonda malo ozizira ndi a chinyezi. Ngati kwanuko kumatentha kwambiri ndipo chilimwe chimatalika, Desmodium kapena stylo, zomera zinanso za m'gulu la nyemba, zingakuchitireni ntchito yomweyi. Yesani kaye pa kamunda kamodzi nyengo imodzi, musanagule mbewu ya msipu wonse.