Gulani DVD burner yolumikiza pa USB, achemwali

Achemwali, funso lanu ndaliwerenga. Mwati laputopu imene mwagula ilibe polowetsera chimbale, m'kabati muli ma DVD a ukwati wanu ndi ma CD a kwaya ya kutchalitchi kwanu, ndipo mwezi watha fulashi imene munasungamo zithunzi za ana inangofa osachenjeza. Ndiye mukufunsa ngati kugula DVD burner, kachipangizo kolembera zinthu pa zimbale, masiku ano si kutaya ndalama, poti aliyense akungotumizirana zinthu pa WhatsApp. Ine ndikuti gulani. Yanga ndakhala nayo zaka zingapo, imatha milungu ili m'dirowa, koma tsiku limene ndaifuna palibe china chimene chimalowa m'malo mwake.

Ndiyambe ndi chimene ambiri amaiwala: burner imawerenganso zimbale. Kwa inu ntchito yofulumira ndi imeneyo, kubena (kulemba zinthu pa chimbale) kubwere pambuyo. Ma DVD a ukwati wanuwo sanadindidwe kufakitale ngati mafilimu a m'sitolo. Wojambula uja anagula chimbale chopanda kanthu nkubenapo. Mkati mwa chimbale chotere muli utoto wopyapyala kwambiri, kuwala kwa laser kumawotcha timadontho pa utotowo, ndipo timadonthoto ndito timasunga nkhope zanu, nyimbo ndi perekaniperekani yense wa tsikulo. Utoto umenewu umafooka pang'onopang'ono ndi dzuwa, kutentha ndi chinyontho. Chimbale chikhoza kuoneka chonyezimira bwinobwino kunja, koma mukachiika chimayamba kudumpha cha kumapeto, kapena kukaniratu kutseguka. Ngati ukwati wanu unachitika zaka khumi zapitazo kapena kuposerapo, musazengereze. Burner ikangofika, lowetsani chimbale, tsegulani, mupezamo foda yolembedwa VIDEO_TS. Koperani foda yonseyo pa kompyuta. Kuti muonere, ikani pulogalamu yaulere ya VLC, chifukwa Windows 10 ndi Windows 11 sizibwera ndi pulogalamu yoonetsera ma DVD a mafilimu. Anthu ambiri amabweza burner kusitolo akuti yafa, pomwe chasowa ndi pulogalamu chabe.

Ma CD a kwaya aja ndi osiyana pang'ono. Mukawatsegula muona timafayilo ting'onoting'ono tolembedwa Track01, Track02, ndipo mukatikopera simupezamo nyimbo. Tsegulani Windows Media Player, sankhani Rip CD, nyimbozo zisanduka MP3 kapena mtundu wina umene mungasankhe, nkukhala pa kompyuta. Pamenepo mutha kuziika pa foni kapena kuwatumizira anzanu a m'kwaya amene anasamukira kutali.

Tsopano chifukwa chenicheni chimene ine ndimasungira burner. Chimbale cha DVD-R chikabenedwa nkutsekedwa, sichisinthikanso. Simungafufutepo kanthu mwangozi. Mwana woseweretsa kompyuta sangachotsepo chithunzi. Vairasi singalowemo. Fulashi ilibe chitetezo chimenechi, memori khadi ilibe, hadi disiki nayo ilibe. Ndinaziona ndekha tsiku limene ndinapita ndi fulashi pa shopu ina yosindikiza mapepala m'tauni. Pofika kunyumba mafoda onse anali atasanduka ma shortcut, ndipo ndinatha usiku wonse ndikupulumutsa zithunzi za maliro a bambo anga, zina zinapita ndithu. Kuyambira pamenepo, zinthu zimene sindingazijambulenso ndimazibena pa chimbale: zithunzi za banja, masetifiketi amene ndinasikana, mapepala a malo, mavidiyo a chinkhoswe ndi a ubatizo, mawu a agogo akufotokoza za kwathu ndi maina a makolo. Zinthu zotere sizisowa kukonzedwanso mawa, zimangofunika kukhalapo momwe zilili, ndipo chimbale chimatha ntchito imeneyo.

Fulashi, achemwali, ndi yonyamulira. Ikakhala nthawi yaitali osalumikizidwa ikhoza kutaya zimene zilimo, ndipo ikafa imafa yonse kamodzi, monga yanu yachitira. Chimbale chikakalika pang'ono nthawi zambiri mumataya fayilo imodzi kapena ziwiri, zotsalazo nkuwerengeka. Za kusunga pa intaneti sindikutsutsa, Google imapereka 15 GB yaulere ndipo muzigwiritsa ntchito, koma kukweza mavidiyo akuluakulu kumadya bandulo, ndipo mukaiwala pasiwedi kapena nambala ya foni imene munalembetsera yatayika, kulowanso kumavuta.

Yogula ndi iti? Poti muli ndi laputopu, funani yakunja, yopyapyala, yolumikiza pa USB. Siifuna magetsi apadera, imatenga mphamvu ku laputopu komweko, ndipo Windows imaizindikira yokha popanda kuikapo kanthu. Za LG, ASUS ndi Lite-On ndi zodziwika. Pa katoni payenera kulembedwa DVD±RW kapena DVD writer. Pakalembedwa DVD-ROM, imeneyo imangowerenga, ndipo pakalembedwa Combo, imabena ma CD okha koma DVD imangowerenga. Ogulitsa ena sadziwa kusiyana kwake, ndiye pitani ndi laputopu yanu ndi chimbale chimodzi chopanda kanthu, muyesere pomwepo musanalipire. Onaninso chingwe. Malaputopu ena atsopano ali ndi USB-C yokha, ndiye mudzafunika kolumikizira. Ma burner ena amabwera ndi chingwe cha mitu iwiri, ndipo mukaona ikuzima pakati pa ntchito lumikizani mitu yonse iwiri, kapena chotsani pa USB hub (kachipangizo kochulukitsa malo olumikizira USB) muilumikize pa laputopu penipeni. Yogwiritsidwapo kale ntchito ndingakuletseni pokhapokha mutaiyesa, chifukwa laser imafooka ndi zaka: imatha kumawerenga bwino koma kubena nkumalephera.

Zimbale zopanda kanthu zilipo mitundu ingapo ndipo maina ake amasokoneza. CD-R imalowa 700 MB, kapena nyimbo za mphindi 80. DVD-R ndi DVD+R zimalowa 4.7 GB, ngakhale kompyuta imaonetsa 4.38 GB chifukwa imawerengera mwa njira yake, choncho musadzaze mpaka pakamwa. Kusiyana kwa "minus" ndi "plus" kunali nkhani kalekale makampani akulimbirana msika, ma burner a lero amalandira zonse ziwiri, kungoti madeki akale kwambiri amagwirizana bwino ndi DVD-R. Zolembedwa RW zimafufutika nkubenedwanso. Nzabwino pophunzirira, koma musasungirepo zinthu zofunika, poti kufufutikako ndiye kumene tikuthawa. Zilipo za DL zolowa 8.5 GB, zokwera mtengo ndipo zimavuta pa madeki ena, ine sindizigula kawirikawiri. Pa mtundu, Verbatim ndimaikhulupirira. Zimbale zopanda dzina zogulitsidwa chimodzichimodzi padzuwa pamsika zisiyeni, zayamba kale kuwonongeka musanazigule. Kulinso zotchedwa M-DISC, zimene m'malo mwa utoto zili ndi chinthu cholimba chosafooka msanga. Zimafuna burner yokhala ndi chizindikiro cha M-DISC pa katoni, ndipo ngati muli ndi m'bale kunja amene angakutumizireni zochepa, zithunzi za ukwati ndi za ana ziyenera kupita pamenepo.

Pali chinthu chimodzi chimene chimakhumudwitsa pafupifupi aliyense woyamba kumene. Mwabena vidiyo ya pa foni, mwatumiza kumudzi kuti amayi akaonere pa deki, uthenga nkubwera woti chimbale sichikusewera. Vuto lake ndi ili: kuika fayilo ya MP4 pa DVD sikuisandutsa filimu ya DVD. Chimene mwapanga ndi chimbale cha mafayilo, chowerengeka pa kompyuta. Deki yakale imafuna vidiyo ya mtundu wa MPEG-2 yoikidwa mu foda ya VIDEO_TS ija. Windows 7 inali ndi pulogalamu yochitira zimenezi, Windows DVD Maker, koma inachotsedwa kuyambira pa Windows 8. Lero gwiritsani ntchito DVDStyler, ndi yaulere: mumaikamo vidiyo, mumasankha PAL chifukwa ma TV a kuno ndi a PAL, iyo imasintha vidiyoyo nkubena. Chimbale chimodzi chimalowa pafupifupi maola awiri chithunzi chikuoneka bwino. Dziwani kuti DVD ya PAL ndi ya madontho 720 kwa 576, yochepa poyerekeza ndi mmene foni yanu imajambulira. Ndiye muzipanga ziwiri: china cha deki choonera agogo, china cha mafayilo oyambirira osasinthidwa choti musunge.

Chimodzimodzi ndi galimoto. Ngati muli ndi zija zochokera ku Japan zokhala ndi CD player yakale, benani pa CD-R ndipo musankhe Audio CD. Ma MP3 ongokopera amasewera pa mawailesi okhawo olembedwa MP3.

Pobena mafayilo wamba simufunika pulogalamu yapadera. Mukalowetsa chimbale chatsopano Windows imakufunsani mmene mukufuna kuchigwiritsira ntchito. Sankhani "With a CD/DVD player". Njira inayo, "Like a USB flash drive", imasiya chimbale chotseguka ndipo makina ena amachikana. Koma ine ndimakonda ImgBurn kapena CDBurnerXP chifukwa zili ndi Verify. Mukachonga pamenepo, pulogalamu ikamaliza kubena imawerenganso chimbale chonse nkufananiza ndi mafayilo a pa kompyuta. Zimawonjezera mphindi zochepa, koma mumachoka pamenepo mukudziwa kuti zonse zalowa. Liwiro musalithamangitse. Ngakhale chimbale chitalembedwa 16x, sankhani 4x kapena 6x pa zinthu zosunga. Ma burner opyapyala safika nkomwe kupyola 8x, ndipo chimbale chodzaza chimatenga mphindi 10 mpaka 15 kapena kuposerapo mukatsitsa liwiro. Nthawi imeneyo laputopu ikhale patebulo, osati pamiyendo kapena pabedi, ndipo musaigwedeze. Apa laputopu imapambana kompyuta ya patebulo: magetsi akathima pakati pa ntchito batire imapitiriza, pomwe pa kompyuta yaikulu yopanda UPS (batire yothandiza magetsi akathima) chimbalecho chawonongeka basi. Onetsetsani kuti batire ili ndi moto wokwanira musanayambe.

Kusunga kwake nkosavuta koma ndi kumene anthu amalakwitsa. Chimbale chilichonse chikhale m'kabokosi kake, choimika ngati buku, m'kabati mopanda dzuwa. Osati pawindo, osati m'galimoto, osati pamwamba pa TV. Kwa amene muli kunyanja kapena ku Chikwawa ndi ku Nsanje kumene kumatentha kwambiri, sankhani chipinda chozizirirapo m'nyumbamo. Gwirani m'mphepete kapena pabowo la pakati. Polemba dzina gwiritsani ntchito maka (marker) yofewa kunsonga, osati bolopeni, makamaka pa CD, chifukwa pa CD mbali yosunga zinthu ili pansi penipeni pa pamene mumalembapo. Mapepala omata musaikepo, amapangitsa chimbale kuzungulira mopendama. Chikada, pukutani ndi kansalu kofewa kuchokera pakati kupita kumphepete, osazunguliza. Lembani chaka ndi zimene zilimo, mwachitsanzo "Zithunzi za ana, Januwale mpaka Juni". Ndipo benani ziwiri nthawi zonse. Chimodzi chikhale kwanu, china kwa mchemwali wanu kapena kwa amayi. Moto, akuba kapena denga lodontha sizingafike nyumba ziwiri tsiku limodzi. Pakapita zaka zitatu kapena zinayi muzizitulutsa nkuziyesa, chimene chayamba kuchedwa kutseguka muchibenenso pa chatsopano.

Ndisakunamizeni kuti burner ithetsa zonse. Foni ya 64 GB ikadzaza imafuna zimbale 14, ndipo hadi disiki ya 1 TB ikufanana ndi zimbale zoposa 200. Palibe amene angakhale pansi kubena zonsezo. Ngati mumajambula mavidiyo ambiri, gulaninso hadi disiki yakunja yosungira zonse, ndipo pa zimbale pazipita zosankhidwa zokha. Kusankhako nkwabwino ndithu, chifukwa pa zithunzi za foni zambiri ndi zobwerezabwereza ndi zotumizidwa m'magulu. Ngati mumaganiza zoikira Windows pa kompyuta, ntchito imeneyo isiyireni fulashi, mafayilo a Windows 10 ndi 11 anakula kupyola 4.7 GB.

Zina zing'onozing'ono mudzaziona mukakhala nayo. Zipatala zina zimapereka zithunzi za sikani pa CD, ndipo ndi bwino kukopera nkusunga musanapite nacho kwa dokotala wina. Maofesi ena ndi makoleji ena amafunabe kuti pepala losindikiza libwere pamodzi ndi chimbale. Ngati m'bale wabweretsa filimu yogula ku Johannesburg kapena ku London, kompyuta ikhoza kukufunsani kuti musinthe region, nambala ya dera limene filimuyo inapangidwira kuti izionetsedwa, chifukwa South Africa ndi Britain zili mu region 2 pomwe Malawi ili mu region 5. Samalani pamenepo, burner imalola kusintha kasanu kokha kenako imakhazikika pa yomalizayo. Zimbale zobena nokha zilibe vuto limeneli.

Chomaliza, anzanu akadziwa kuti muli ndi burner adzayamba kubwera ndi nyimbo za oimba athu kuti muwabenere, ena mpaka kukuuzani kuti muzigulitsa. Akaneni mwaulemu. Lamulo la Copyright Act la 2016 limateteza ntchito za oimba ndi opanga mafilimu, ndipo bungwe la COSOMA ndi limene limayang'anira zimenezi. Woimba analipira studio ndi ndalama zake. Za kwaya yanu, ngati mukufuna kupanga zimbale zogawa kapena kugulitsa, gwirizanani kaye ndi komiti ya kwaya komanso amene anapeka nyimbozo.

Mukagula, tengani paketi ya DVD-R khumi ndi DVD-RW imodzi yophunzirira. Loweruka loyamba koperani ma DVD a ukwati onse, kuyambira chimene chikuoneka chokalika kwambiri. Fulashi yakufa ija musaitaye ndipo musaifomate ngakhale kompyuta ikupempheni kutero. Mundiuze ngati laputopu ikuionabe mukailumikiza, chifukwa ngati ikuoneka pali mwayi woti zithunzi za anawo tingazipulumutse ndi pulogalamu ya PhotoRec, ndipo ndidzakulongosolerani mmene mungachitire.