Kodi ku labu amangozunguza mawilo basi?

FUNSO: Akonzi, ine ndili ndi chigayo kuno ku Ngabu, mwana wanga ali ku yunivesite akuphunzira mechanical engineering ndiye akabwera pa holide amati ku labu amatha masana onse kuzunguza mawilo, kumanga tizitsulo pa shafuti nkumalemba manambala. Fizi yonseyi ndikulipirira zimenezi? Bwanji osangowapatsa injini yakufa akonze? Bambo wa ku Ngabu, Chikwawa.

YANKHO: Zikomo bambo, ndalama zanu sizikulowa mmadzi ayi, zimene akuchitazo zili mchigayo mwanu momwemo. Hamala imodzi ikatha inu nkuika yatsopano pomwe zinzake ndi zodyeka kale, chigayo chimayamba kunjenjemera, mabawuti kumasuka, mabeyaring'i kutentha, simenti yapansi mpaka kung'aluka. Vuto ndi loti mbali imodzi yalemera, ndipo mphamvu yokokera kunja imene imabwera chinthu chikamazungulira siikula pang'onopang'ono, liwiro likawirikiza kawiri iyo imawirikiza kanayi. Mota zambiri za magetsi a ESCOM zimazungulira ka 1,450 pa mphindi, pule ya ku mota ikakhala yaikulu kawiri kuposa ya kuchigayo ndiye kuti mahamala akuthamanga ka 2,900, apa kusiyana kwa magalamu ochepa chabe kwasanduka nkhani yaikulu.

Tizitsulo ta pa shafuti tija ndi zomwezi. Amayamba awerengera papepala kuti aka kakhale pati, aka katembenukire kuti, kenako nkuyatsa mota, akaphonya chimakina chonse chimagwedezeka anzawo akuona, palibe zokopera apa. Wilo lolemera lija, flywheel, amalikulunga chingwe chokhala ndi chitsulo kumapeto nkumayesa masekondi chikamatsika, kuti aone mmene limasungira mphamvu, nchifukwa chake injini ya dizilo ya pisitoni imodzi siizima pakati pa kuphulika kwa mafuta mkati mwake ndi kuphulika kotsatira.

Zomasula injini amaphunziranso ku workshop ndi ku attachment, komwe amakaphunzira ntchito ku makampani, musadandaule. Koma makina opatula shuga ku Nchalo kapena ma turbine opanga magetsi a ku Kapichira palibe angawaimitse kuti mwana wasukulu ayeserepo, nde amalakwitsira pa tating'ono kaye.

Akabweranso mupatseni sikelo, ayese mahamala onse imodziimodzi, zolemera mofanana aziike moyang'anizana, ndipo posintha muzisintha mbali zonse ziwiri nthawi imodzi.